Dokotala uja anakhala masiku 437 mumlengalenga, zinatheka bwanji kuti atsike n'kuyenda yekha?

NamwinoWaUsiku

Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landikhala pamtima chionereni chithunzi china pa Facebook, cha bambo wina akusuzumira pa kawindo kozungulira ka chombo cha mumlengalenga, nkhope yokha ndi yomwe ikuoneka. Pansi pake analemba kuti ndi Valeri Polyakov wa ku Russia, ndipo anakhala kumwambako masiku 437 osatsikako, nde kuti chaka chathunthu kuphatikizapo miyezi iwiri ndi masiku ena pamwamba.

Chomwe chandizunguza mutu kwambiri ndi choti akuti atatsika sanafune kunyamulidwa, anayenda ndi miyendo yake. Ineyo ntchito yanga ndi yaunamwino ndipo ndimaona ndi maso angawa, munthu wamphamvu zake akagona pabedi masabata ochepa chabe miyendo imayamba kuwonda, tsiku loti adzuke timachita kumugwira anthu awiri uku ndi uku chizungulire chili tho, ena mpaka kukomoka kumene. Nde munthu woti miyendo yake sinanyamule thupi kwa miyezi 14 angaimirire bwanji? Zinachitikadi zimenezi kapena ndi zokometsera nkhani basi?

Komanso ndikufuna kudziwa kuti munthuyu anali ndani, anafika bwanji pa ntchito imeneyi, ndipo kodi boma linachita kumukakamiza kapena anafuna yekha. Chifukwa ine sindikumvetsa munthu wa banja lake kuvomera zoterozo. Amene mukuzitsata chonde ndithandizeni.

Mphunzitsi_Opuma

Zikomo anamwino, funso lanu lafika pa nkhani yomwe ine ndimaikonda kwambiri. Zinachitikadi, ndipo chomwe chikusangalatseni inuyo n'choti munthuyu anali wa ntchito yanu yomweyo ya chipatala. Sanali woyendetsa ndege za nkhondo ngati Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, ndi anzake oyambirira aja ayi, anali dokotala.

Anabadwa pa 27 April 1942 mumzinda wa Tula, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pakati. Dzina lobadwa nalo linali Korshunov, la Polyakov analitenga kwa bambo ake omupeza omwe anamulera. Anaphunzira udokotala ku Moscow pa sukulu ya Sechenov. Mu 1964 akadali pasukulupo dokotala wina dzina lake Boris Yegorov anakwera chombo cha Voskhod 1, kukhala dokotala woyamba kupita mumlengalenga, ndipo ulendo umenewu ndi womwe unamukoka Polyakov kuti asankhe mbali imeneyi ya udokotala. Anakalowa ntchito ku Institute of Biomedical Problems, bungwe la ku Moscow komweko lomwe ntchito yake ndi kufufuza zomwe zimachitikira thupi la munthu kumwambako.

Apa ndi pomwe ine ndimamupatsira ulemu. Anasankhidwa kulowa gulu la ma cosmonaut, omwe ndi anthu ophunzitsidwa kupita mumlengalenga, mu March 1972, koma ulendo wake woyamba unachitika mu August 1988. Zaka 16 akudikira. Taganizirani, chaka ndi chaka kupimidwa thupi, kulemba mayeso, kuphunzira makina a chombo, kuyeserera zopulumuka ngati mwagwera m'nkhalango kapena m'nyanja, kuthandiza anzako omwe akupita iwe uli pansi, ena omwe analowa pambuyo pako n'kumakudutsa, osadziwa ngati tsiku lako lidzafika. Analowa ali ndi zaka 29, anakwera roketi ali ndi zaka 46. Anthu ambiri m'magulu amenewo anakalamba mpaka kupuma ntchito osanyamukako pansi olo kamodzi.

Ulendo woyambawo ananyamuka pa 29 August 1988 ndi chombo cha Soyuz TM-6, pamodzi ndi Vladimir Lyakhov ndi Abdul Ahad Mohmand wa ku Afghanistan. Awiriwo anangokhala masiku ochepa n'kubwerera, ndipo pobwerera anavutika kwambiri, makina anawachita chipongwe mpaka anakhala tsiku lina lathunthu akuzungulira dziko mu kachombo kopanikiza asanathe kutsika. Polyakov anatsala pa Mir, siteshoni ya mumlengalenga yomwe anthu ankakhalamo ikuzungulira dziko. Chifukwa chake chinali choti pa Mir panali anthu awiri, Vladimir Titov ndi Musa Manarov, omwe amamaliza chaka chathunthu kumwambako, kuyambira December 1987 mpaka December 1988, ndipo kunkafunika dokotala woti awayang'anire miyezi yomalizayo. Polyakov anakhala masiku 240, anatsika pa 27 April 1989, lomwenso linali tsiku lake lobadwa.

Ulendo wa masiku 437 ndi wachiwiri. Ananyamuka ku Baikonur ku Kazakhstan pa 8 January 1994 ndi Soyuz TM-18, anali ndi Viktor Afanasyev ndi Yuri Usachov, anadzatsika pa 22 March 1995 ndi Soyuz TM-20. Anazungulira dziko maulendo opitirira 7,000. Anzake ankasinthana, awa abwera akhala miyezi yawo apita, ena abwera, iye ali pompo. Ndipo musaganize kuti inali miyezi ya phee, patangopita masiku ochepa chifikireni chombo cha anzawo omwe ankachoka chinagunda mbali ina ya siteshoni, ndipo mu August chombo chobweretsa katundu cha Progress chinalephera kulumikiza chokha mpaka chinagundanso, anachita kuchilumikiza pamanja Yuri Malenchenko. Muli chakudya ndi madzi m'menemo, nde mutha kuona kuti nkhawa inalipo.

Chithunzi mwaonacho chinajambulidwa mu February 1995 ndi anthu omwe anali mu chombo cha America cha Discovery, pomwe chinayandikira pafupi ndi Mir. Nthawi imeneyo n'kuti atakhala kale kumeneko chaka ndi mwezi.

Zokakamizidwa ayi. Anafuna yekha, ndipo cholinga chake ankachinena poyera, ankafuna kuonetsa kuti thupi la munthu lingapirire nthawi yaitali ngati yomwe ingafunike pa ulendo wa ku Mars. Kuyenda kuja kunali mbali ya zomwezo. Sanayende mtunda wautali ayi, anachoka pa kachombo kotsikira n'kufika pa mpando womwe anamuikira pafupi, mapazi ochepa chabe. Koma nthawi zonse anthu amachita kunyamulidwa pamenepo, nde iye ankati ku Mars kulibe okunyamula, ukafika uyenera kuima wekha. Anamwalira mu September 2022 ali ndi zaka 80, ndipo mpaka pano palibe yemwe wakhala ulendo umodzi wautali kuposa wakewo.

PhysioWakuLeeds

Asisi, zomwe mumaona ku wadi zija ndi zomwezo ndithu, simunaphonye. Moti ofufuza za mumlengalenga akafuna kuyesa zinthu pansi pano amagoneka anthu pabedi lopendekeka pang'ono mutu pansi miyendo m'mwamba, osadzuka olo kupita kuchimbudzi. Bungwe lomwe aphunzitsi atchulalo linachitapo zimenezi kwa masiku 370 m'ma 1980 momwemo. Nde Polyakov popita kumwamba ankadziwa bwino lomwe chomwe chikumudikira.

Chomwe chimachitika ndi ichi. Kumwambako thupi silimva kulemera, nde magazi ndi madzi a m'thupi omwe pansi pano amakokeredwa kumiyendo amakwera kupita pachifuwa ndi kumutu. Nkhope imatupa, mphuno imatsekeka ngati chimfine chosatha, miyendo imaonda. Thupi limaganiza kuti madzi achuluka nde limawataya, magazi amachepa. Bola uli komweko palibe vuto lalikulu, koma tsiku lotsika magazi ochepa aja amathamangiranso kumiyendo, kumutu osafika okwanira, ndi chizungulire chomwe mukuchidziwa chija. Kenako minofu ya m'miyendo ndi ya kumsana imafota chifukwa ilibe ntchito. Choopsa kwambiri ndi mafupa, a m'chiuno ndi a msana ndi a miyendo amataya pafupifupi 1 mpaka 1.5 peresenti ya kulimba kwake mwezi uliwonse, mayi wokalamba amataya zimenezo pa chaka. Kashiyamu wotulukayo amadutsa mu impso nde timiyala ta mu impso timatha kupangika. Komanso m'kati mwa khutu momwe mumatiuza kuti kumwamba ndi uku pansi ndi uku mumasokonekera, munthu akatsika akangotembenuza mutu dziko lonse limazungulira.

A Russia anaphunzira izi movutika. Mu 1970 Andriyan Nikolayev ndi Vitaly Sevastyanov anakhala masiku 18 okha mu Soyuz 9, kachombo kakang'ono kopanda malo ochitira mafizo okwanira, atatsika ankalephera kuyenda ndipo zinawatengera masiku ambiri kuti abwerere mwakale. Masiku 18 okha. Nde kusiyana kwa iwowo ndi Polyakov si kuti iye anali ndi thupi lachilendo, koma ntchito yomwe ankaigwira tsiku lililonse.

Pa Mir panali makina othamangirapo, koma poti ungoyandama umamangidwa malamba m'mapewa ndi m'chiuno okhala ndi zingwe zotanuka zomwe zimakukokera pansi, kuti phazi lizimenya ndi mphamvu mafupa azimva kuti akugwira ntchito. Panalinso njinga yopalasa pamalo amodzi ndi zingwe zokoka ndi manja. Pafupifupi maola awiri tsiku lililonse. Ndipo thukuta kumeneko siliyenderera, limangounjikana pakhungu ngati phala, kusamba kwake ndi kupukuta ndi kathaulo konyowa. Kupatula apo ali ndi chovala chomwe amachitcha Penguin, chili ndi malamba otanuka kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, ukachivala chimafuna kukupinda nde tsiku lonse minofu ikulimbana nacho. Masabata omaliza amalowa mu Chibis, chili ngati buluku lolimba lomwe amapopamo mpweya kuutulutsa kuti magazi akokedwere kumiyendo, mtima uyambe kukumbukira ntchito yake ya pansi pano. Tsiku lotsika amamwa madzi ambiri ndi mchere kuti magazi achuluke.

Inu ndi ine tikudziwa kuti kupatsa wodwala pepala la mafizo n'kosavuta, chovuta n'choti azichita tsiku lomwe sakufuna. Ambiri sabata yachitatu asiya. Ine chomwe chimandigwira mtima pa bamboyu n'chimenecho, miyezi 14 osalekeza, ali ndi zaka zopitirira 50, kwinaku akudzitenga magazi yekha, kudzipima mtima, kupima anzake, kulemba zonse. Dokotala ndi wodwala anali munthu mmodzi.

Koma ndisakunamizeni kuti anatsika ali bwinobwino ngati sanapite kulikonse. Kuyenda mapazi ochepa ndi chinthu china, kuchira ndi china. Aliyense wochokera ulendo wautali amakhala masabata ambiri ali m'manja mwa madokotala ndi anthu a ntchito yathuyi, minofu imabwerera msanga koma mafupa amatenga zaka ndipo kwa ena sabwerera onse.

Kondwa_265

Ine ndiyankhule mosiyanako pang'ono, akuluakulu mundikhululukire. Kulimba mtima kwa munthuyu sindikukutsutsa, koma zoti anaonetsa kuti anthu angapite ku Mars ine ndikuona kuti timazikulitsa.

Choyamba ndi munthu mmodzi. Anamwino mukudziwa kuti mankhwala sangavomerezedwe chifukwa achiza munthu mmodzi. Ndipo munthu wakeyo ndi dokotala wa zomwezo, woti moyo wake onse anaupereka pa funso limeneli ndipo ankafunitsitsa kuti yankho likhale inde. Sizikutiuza kuti anthu sikisi osiyana mitima ndi matupi zingawayendere chimodzimodzi. Pa siteshoni ina ya Salyut 7 mu 1985 Vladimir Vasyutin anadwala mpaka ulendo onse unadulidwa anthu n'kubwerera. Mu 1987 Aleksandr Laveykin anamutsitsa pa Mir nthawi isanakwane madokotala ataona kuti mtima wake sukugunda bwino. Amenewanso anali osankhidwa mwa osankhidwa.

Chachiwiri, Mir inali makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, kufupi kuposa ulendo wa pa msewu wa Blantyre kukafika ku Mzuzu. Zikavuta umalowa mu Soyuz maola ochepa uli ku Kazakhstan. Miyezi ingapo iliyonse Progress imabwera ndi chakudya, madzi, zipatso, makalata a kunyumba. Ukayankhula pa wailesi akuyankha pompo. Ukasuzumira pawindo dziko lako lili apo. Ku Mars ulendo wopita wokha ndi miyezi 6 mpaka 9, palibe kubwerera panjira, palibe wokubweretsera kanthu, mawu amatha kutenga mphindi 20 kuti afike. Ndipo chachikulu ndi radiation, cheza choopsa cha mumlengalenga chomwe chimaononga thupi, pomwe panali Mir mphamvu ya maginito ya dziko lathu imatchingabe mbali yaikulu, ukapita kutali chitetezo chimenecho palibe. Makina othamangirapo sangathandize pamenepo.

Chinanso masiku ano apeza kuti ambiri okhalitsa kumwamba maso awo amasintha, kumbuyo kwa diso kumaphwatalala ena mpaka kufuna magalasi. Nde mafunso akuchulukirabe. Papita zaka 30 chitsikireni iye ndipo palibe munthu yemwe wapita ku Mars.

NamwinoWaUsiku

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi achimwene a ku Leeds, za Chibis ndi madzi a mchere zija zandimvekera bwino chifukwa ndi nzeru yomweyo timagwiritsa ntchito podzutsa wodwala pang'onopang'ono, kuyamba kumukhazika kaye m'mphepete mwa bedi miyendo ili lende. A Kondwa mfundo yanu ya munthu mmodzi ndaimva ndipo ndi yoona.

Koma mbali ya mutu ndi banja sinayankhidwebe. Thupi ndamva, nanga maganizo? Malo ake opanikiza, anthu omwewo tsiku ndi tsiku, phokoso la makina, osamva mphepo olo mvula. Anthu amenewa sapenga? Ndipo akazi awo ndi ana amakhala bwanji?

BamboAMwayi

Chemwali, pa za maganizo Polyakov ankapimidwanso kawirikawiri, mmene akumvera mumtima, changu cha kuganiza, kukumbukira zinthu, kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Zomwe zinapezeka n'zoti masabata oyambirira ndi omwe anali ovuta, mtima unali pansi ndipo ntchito inkamulemera, kenako anakhazikika n'kukhala bwino miyezi yonse ya pakati, vuto linadzabweranso masabata oyamba atatsika pansi. Nde chomwe chimasautsa kwambiri ndi kusintha, kuzolowera kumwamba kenako kuzoloweranso kwanu. Iye anali ndi mkazi ndi mwana mmodzi.

A Russia nkhani imeneyi anaitenga mozama kalekale, anali ndi gulu lapadera pansi loona za maganizo a anthu ali kumwamba. Ankakonza nthawi yoti ayankhule ndi mabanja awo, kuwatumizira nyimbo, nkhani za kumudzi, makalata ndi timphatso mu Progress, ngakhale anyezi ndi adyo ndi maapozi chifukwa fungo la chinthu chatsopano limatsitsimutsa munthu yemwe wakhala akudya za m'zitini. Ankamvetseranso mmene munthu akuyankhulira pa wailesi kuti adziwe ngati wayamba kukwiya msanga kapena kutopa. Tsiku limayendetsedwa ndi wotchi, nthawi yodzuka, yodya, ya ntchito, yogona, chifukwa dzuwa silingakuthandize, siteshoni imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 90 nde limatuluka ndi kulowa ka 16 pa tsiku. Kugona kwake ndi m'thumba lomangirira kukhoma kuti usayandame.

Koma ngati mukufuna nkhani yomwe imaonetsa mtengo wake pa banja, onani ya Sergei Krikalev. Ameneyu anali limodzi ndi Polyakov pa Mir mu ulendo woyamba uja, anatsikira limodzi mu April 1989. Mu May 1991 anapitanso, anakwera ndi Anatoly Artsebarsky ndi Helen Sharman wa ku Britain, akuyembekeza kukhala pafupifupi miyezi isanu. Ali kumwamba zinthu pansi zinayamba kugwa. Ndalama zinavuta, maulendo awiri anawaphatikiza kukhala umodzi, mipando inapita kwa mlendo wa ku Austria yemwe dziko lake linalipira ndi Toktar Aubakirov wa ku Kazakhstan, poti Baikonur ili m'dziko la Kazakhstan ndipo kunali kofunika kusunga ubale. Nde injiniya woti akamulowe m'malo Krikalev analibe mpando. Anamupempha kuti atsale ndipo anavomera. Mu December 1991 Soviet Union, dziko lalikulu lomwe Russia ndi Kazakhstan zinali mbali yake, inatha iye ali kumwamba. Anadzatsika pa 25 March 1992 patatha masiku 311, dziko lomwe linamutuma kulibe, mzinda wa kwawo womwe anausiya ukutchedwa Leningrad ukutchedwa St Petersburg, ndalama yagwa mphamvu malipiro osagula kanthu, ndipo kunyumba anasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Amene tinakhalapo kunja kwa dziko pa ntchito, mwana n'kuyamba kuyenda ndi kuyankhula iwe kulibe, tikudziwa kuti zimenezi sizibwezedwa ndi mendulo.

Chodabwitsa n'choti sanasiye. Mu 1994 anakhala wa ku Russia woyamba kukwera chombo cha America chotchedwa shuttle, mu 1998 anali m'gulu lomwe linalumikiza zigawo zoyamba za International Space Station, mu 2000 anali mmodzi wa atatu oyamba kukhalamo, ndipo pomaliza masiku ake onse anakwana 803. Ambiri mwa anthu amenewa akatsika amafunanso kubwerera. Gennady Padalka anafika masiku 878 pa maulendo asanu. Oleg Kononenko ndi yemwe ali patsogolo pano, masiku 1,111 pa maulendo asanu, womaliza anakhala masiku 374 n'kutsika mu September 2024 ali ndi zaka 60. Mukawerengetsa ndi zaka zitatu za moyo wake ali kumwamba, osawerengera zaka za maphunziro ku Star City kufupi ndi Moscow ndi ku Houston ku America zomwenso amakhala kutali ndi kunyumba.

Za kupenga, mikangano imakhalapo ndithu, anthu kusiya kuyankhulana kwa masiku, kukwiyira a pansi kuti akuwapanikiza ndi ntchito. N'chifukwa chake posankha sayang'ana nzeru ndi mphamvu zokha, amayang'ananso ngati uli munthu woti mnzako angakhale nawe m'chipinda chimodzi miyezi sikisi osatopa nawe, ndipo omwe adzapite limodzi amaphunzira limodzi nthawi yaitali asananyamuke.

Mphunzitsi_Opuma

A Kondwa, mwana wanga, mfundo zanu ndi zolimba ndipo za radiation ndikugwirizana nanu kwathunthu, limenelo ulendo wa pa Mir sukanaliyankha. Koma ndikufuna tione funso lomwe linalipo nthawi imeneyo. Isanafike 1995 panalibe yemwe akanakuuzani ngati kufooka kwa thupi kumangopitirira mpaka munthu kufika poti sangabwererenso pansi wamoyo, kapena ngati mafizo angakuchedwetse mokwanira. Ankakwera pang'onopang'ono, masiku 96 mu 1978, masiku 185 mu 1980, masiku 237 mu 1984 pomwe panalinso dokotala wina Oleg Atkov, masiku 326 a Yuri Romanenko mu 1987, kenako chaka cha Titov ndi Manarov. Sitepe iliyonse panali munthu woyamba kuponda pomwe sipanapondedwe. Munthu mmodzi sangatsimikize kuti aliyense angathe, zoona, koma amakwanira kuonetsa kuti chinthucho si chosatheka, ndipo ofufuza amayambira pamenepo. Musaiwalenso kuti ku Mars munthu amalemera pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake kwa kuno, nde woti waima ku Kazakhstan patatha miyezi 14 kumeneko angaime.

Za kusungulumwa ndi kuchedwa kwa mawu zomwe mwatchula, bungwe la Polyakov la ku Moscow lija linadzaziyesa pambuyo pake. Kuyambira June 2010 mpaka November 2011 anatsekera amuna sikisi, atatu a ku Russia, wa ku France, wa ku Italy ndi wa ku China, m'zipinda zonga chombo ku Moscow kwa masiku 520, mauthenga akuchedwetsedwa dala ngati ali kutali. Anamaliza onse, ngakhale ena tulo tinawasokonekera kwambiri. Kumeneko kulemera kunalipo ndipo radiation kunalibe, nde ndi chidutswa china cha funso lomwelo, aliyense akuyankha mbali yake.

Ndipo phindu lake silikudikira Mars yokha. Mu 2022 Frank Rubio wa ku America, yemwenso ndi dokotala, anapita ndi Sergey Prokopyev ndi Dmitri Petelin kukakhala miyezi sikisi. Soyuz yawo inabooka n'kutaya madzi oziziritsira makina ili pa siteshoni, sikanathekanso kuwatsitsa bwino, anachita kutumiza ina yopanda anthu ndipo ulendo wawo unafika masiku 371. Omwe anapanga chiganizo choti atsale miyezi ina sikisi sankangoganizira, anali ndi zolemba za anthu omwe anakhalako chaka ndi kupitirira, ndipo zazitali kuposa zonse ndi za Polyakov.

PhysioWakuLeeds

Ndiwonjezere pa za mafupa poti a Kondwa anena zoti mafunso akuchuluka. Pa Mir analibe makina onyamulira zolemera enieni, zingwe zotanuka sizipereka mphamvu yokwanira pa chiuno ndi msana. Pa International Space Station anaikapo makina otchedwa ARED, amagwiritsa ntchito masilinda opanda mpweya m'kati kuti munthu azimva ngati wanyamula zitsulo zolemera, mpaka makilogalamu opitirira 250, nde amatha kuchita ma squat ndi ma deadlift ngati ali ku jimu. Chiyambireni kugwiritsa ntchito amenewa, pamodzi ndi kudya mokwanira ndi vitamin D, anthu akutsika mafupa ali bwinoko kuposa kale, ndipo ena anayesedwapo ndi mankhwala omwe timapatsa odwala matenda ofewetsa mafupa. Asisi ngati ku wadi kwanu kuli odwala ogona nthawi yaitali, chomwe ndingakulimbikitseni n'choti musadikire tsiku lodzuka, yemwe adokotala amulola ayambe kukankha phazi pa thabwa la kumapazi kwa bedi ndi kulimbitsa ntchafu kangapo pa tsiku kuyambira sabata yoyamba.